Mphuno ya Mkamwini

Pakhonde la sitolo ya nsapato pamakhala bambo ena amene tonse timawatcha Achidindo. Atha zaka makumi atatu akusema zidindo pamphira ndi kampeni kakang'ono. Zilembo amazisema chobwerera kuti zikadindidwa ziwongoke, moti akazi awo amati ngakhale nyuzipepala amayambira kumapeto.

Koma luso lawo lenileni ndi nkhope. Amakukhazika chammbali, n'kukuyang'anitsitsa ngati uli ndi mlandu, kenaka chipumi, mphuno ndi chibwano chako zimatulukira pamphira.

Mwana wawo wamkazi atapeza banja, asewere awo, mayi a mnyamatayo, anafuna makadi aukwati apakompyuta. Achidindo anadziguguda pachifuwa.

"Mwana wanga aitanire anthu ndi makina ine ndili moyo? Ndipatseni sabata imodzi. Mukapanda kuwakonda, mpeniwu ndiutaya."

Vuto linali mkamwiniyo. Mnyamata waulemu ndithu, koma mphuno yake imalowa m'nyumba mwini wake akadali panja. Achidindo, pomumvera chisoni, anaiphungulako pang'ono posema nkhope za awiriwo. Anapaka inki, n'kugonekapo pepala, n'kulisisita ndi msana wa supuni, n'kukaonetsa asewere.

Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Mtsikanayu ndamudziwa. Nanga akumukwatirayu ndani?"

"Ndi mwana wanu, asewere."

"Wanga? Mphuno mwaisiya kuti? Imeneyo ndi ya malemu bambo ake! Ine ndinalowa nayo m'banja imeneyo. Bwezeranipo."

"Mayi, mphira si dongo. Ukasema wasema."

"Basitu, tiyeni kukompyuta."

Pa sabata ija panali patatsala masiku awiri. Achidindo anatenga chidutswa china cha mphira, n'kumukhazikanso mkamwini pampando.

"Tembenuka, mwananga. Usapume kwambiri, ingasunthe."

Ulendo uno sanamubere ngakhale pang'ono. Makadi mazana awiri anawasisita okha ndi supuni ija mpaka chala chinatupa, akazi awo akuwayanika pachingwe cha zovala.

Asewere atalandira khadi loyamba anapukuta maso ndi mpango.

"Ndi yemweyo," anatero. Palibe anafunsa ngati akunena mwana kapena malemu.

Kampeni kaja kakadali pakhonde, ndipo khadi limodzi analimata pakhoma. Dzana mayi wa kusaluni anapita kukasemetsa nkhope yake, n'kunong'oneza kuti amuchepetsereko chibwano. Achidindo anangoloza khadi lija.

"Pano, mayi, sitichepsa munthu. Tembenukani."