Chitseko Chosasunga Chinsinsi

Ntchito yanga yoyamba, yolandira alendo pa loji ina ku Kande, anandipezera ndi azakhali anga omwe ankagulitsako mazira kukhitchini. Atangomva kuti pakufunika munthu, anandikokera konko ndisanasite n'komwe bulauzi.

Zitseko za kumeneko zinalibe makiyi. Mwini wake, mzungu, anali ndi kachipangizo konga njere ya mpunga pansi pa khungu la dzanja. Akayandikitsa dzanjalo pa loko, chitseko n'kutseguka. Azakhali atamva anati chizindikiro cha chilombo chija chafika, ine n'kumaseka. Alendo ankalandira nambala yotsegulira pa foni. A Mbewe, manijala wathu wa ku Lilongwe, anandiphunzitsa: lemba dzina pakompyuta, sankha chipinda, dina batani, uthenga upita wokha. "Mlendo wakale osamuvutitsa ndi mafunso," ankatero. "Makina amamudziwa kale."

M'mawa wina kunafika mayi wa ku Mzuzu, atavala magalasi akuda, tsaya lili lotupa. Anagonapo kale pathu ndi amuna ake. Ndinatsata malangizo, koma uthenga sunalowe pa foni yake. Ndinangoti ndi netiweki, n'kukamutsegulira chipinda nambala 4 ndi khadi langa la antchito lotsegulira zitseko. Pakhomo anandigwira mkono. "Achemwali, wina akafunsa, simunandione."

Masana kunaima galimoto, n'kutsika bambo wotchena bwino. Sanafunse kanthu. Anangondionetsa foni: dzina la loji, chipinda, nambala yotsegulira, ngakhale nthawi imene chitsekocho chinatsegulidwa. Anali mwamuna wa mayi uja, ndipo makina aja anasunga foni yake kuchokera ulendo woyamba. A Mbewe anali atapita ku Chintheche kukagula gasi, ndipo kusintha nambalayo ankatha ndi iwo okha.

Pafupi panali a Longwe, achikulire osamalira maluwa, omwe tsaya lija analiona m'mawa. Ndinawayang'ana, iwo n'kuika khasu pansi. Kwathu kuno wamkulu akakupatsa moni sudutsa. Anamugwira bamboyo ndi manja awiri.

"Timoneni, ada! Ku Mzuzu mvula yagwa? Nanga kwanu kwenikweni n'kuti? Aa, ndiye ndinu mwana wathu! Agogo anu anali ndani?"

Bamboyo ankayankha akukukuta mano, a Longwe osamumasula dzanja. Ine ndinazembera kuseri kwa chipinda chija. Chitseko sindinachikhudze, poti chikanalizanso foni ya bamboyo. Ndinagogoda pawindo la kubafa, mayiyo n'kutulukira pomwepo, ndipo ndinamutsekera m'kanyumba kochapira zovala ndi loko wadzimbiri amene tinkamunyoza tonse. Kiyi ndinamanga pansonga ya chitenje.

Bamboyo atamasuka, anadina nambala, chitseko n'kumutsegukira mwaulemu ngati mwini nyumba. Anapeza bedi lokha. Anandikalipira, nazungulira loji yonse, nafika mpaka kugwedeza loko wadzimbiri uja. Kenako anapita. Mlongo wake wa mayiyo anadzamutenga dzuwa lisanapendeke kwenikweni.

A Mbewe atamva, mawa lake anachotsa lamulo lija losafunsa mlendo wakale. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense, ngakhale wobwera kakhumi, ndimamufunsa kaye, "Uthengawu upite pa foni ya ndani?" Ena amaseka. Ena amayamba ayang'ana kugeti asanayankhe, ndipo amenewo ndi amene ndimafunsira.