Mphini pa dazi la bambo

Bambo a kunyumba kwathu anayamba dazi tisanakwatirane, ndiye sindinganame kuti anandipusitsa. Ndinaliona ndi maso angawa, ndipo ndinayamba kuliseka tsiku lomwelo. Pakamwa panga sipachedwa, pa Nathenje pano ndani sadziwa. M'mawa akamanyamuka kupita kusukulu komwe amaphunzitsa, ndinkati, "Valani chipewa bambo, madalaivala a minibasi angachite khungu pamsewupo." Iwo ankangoseka n'kukwera njinga yawo. Zaka makumi awiri zinatha choncho, ine ndikuyesa kuti ndi macheza a m'banja.

Tsiku lina aphunzitsi anzawo anabwera kudzacheza pakhonde. Ndikubweretsa tiyi, ntchentche inatera pamutu pa bambo, ine osaugwira mtima. "Taonani, ndege yatera pabwalo." Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa ndi tiyi. Bambo nawonso anaseka, koma mochedwa. Sabata yotsatira anapita ku tauni n'kubwerako ndi kabotolo m'thumba la jekete. Anati ndi mankhwala omeretsa tsitsi, odontheza pang'ono pamutu m'mawa ndi madzulo.

"Tsitsi pa msinkhu uno? Kapena mwapeza wina?" ndinawafunsa.

"Ndangotopa nazo, mayi," anayankha. Sindinafunse kuti atopa ndi chiyani.

Mwezi unatha mutu uli mbee ngati kale. Ankaima pagalasi, kenako n'kundiitana kuti ndiwayang'ane pamwamba pomwe iwo sankatha kuona. Ndinkawauza zoona, kuti palibe kanthu. Pepala la m'kabokosi linkati munthu adikire miyezi ingapo, koma ine kudikira si mbali yanga, ndipo nkhope yawo ija inayamba kundimvetsa chisoni.

Ine ndinakulira kumudzi kufupi ndi Mitundu, ndipo kwathuko mankhwala ongopaka pamwamba sitinkawawerengera. Munthu akadwala kwenikweni ankamutemera: kucheka timizere pakhungu ndi lezala, n'kutikitamo mankhwala kuti akumane ndi magazi. Ineyo ndili ndi mphini m'mbali mwa masomu, azakhali anga ananditemera ndili mtsikana chifukwa cha mutu waching'alang'ala. Mutuwo unasiya patapita nthawi, ndiye ndinakula ndikudziwa kuti njira yake ndi imeneyo.

"Khungu la dazi ndi louma ngati chikopa cha ng'oma," ndinawauza. "Mankhwalawa alowera pati? Bwerani ndikutemereni."

"Pepalali likuti pasakhale chilonda."

"Amene analemba pepalalo anauonapo mutu wanuwu?"

Anakana masiku atatu. Bambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo kumpingo kwathu mphini saziona bwino. Koma munthu wotopa savuta kumugonjetsa. Loweruka m'mawa tinakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mpapaya, iwo pa mpando, ine nditaima ndi lezala latsopano. Ndinacheka timizere ting'onoting'ono kuyambira pamphumi mpaka pankhongo. Kodonthezera kamene kanabwera ndi kabotolo kaja ndinakaika pambali, n'kuthira mankhwala m'dzanja momwe ndimachitira ndi mafuta odzola. Anati akuwawa, ine ndinati ndiye kuti akugwira ntchito. Ndinawaveka jumbo kumutu monga amachitira ku saluni, chipewa pamwamba. Kuyambira pamenepo ndinkawapaka ndine, modzaza dzanja, kabotolo kakatha n'kugula kena, ndipo Loweruka lililonse ndinkatemera mwatsopano.

Patapita nthawi tiubweya tinayamba kuoneka. Ndinanyada, ndisaname. Ndinkawagwiritsa ndi chala chawo chomwe n'kumati, "Mwaona? Sukulu muli nayo ndinu, koma nzeru zili kuno."

Nthawi yomweyo nsapato zinayamba kuwathina. Akavula sokosi, mwendo unkatsala ndi mzere wozama. Kamtunda ka kusukulu kaja, komwe ankakwera akuimba nyimbo, anayamba kutsika njinga n'kumaikankha. Poti anali kale pa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, tinanamizira mchere. Ndinachepetsa mchere m'ndiwo mpaka chakudya kusakoma, miyendo osaphwa. M'mawa wina ndikuwakonza kolala, ndinaona cholembera cha m'thumba la malaya chikunjenjemera chokha. Ndinaika dzanja pachifuwa pawo. Mtima unkagunda ngati chigayo cha dizilo.

Pamenepo ndinakayikira kabotolo kaja. Ndinakayikira ndithu, koma ndinakhala chete, chifukwa kunena kukanatanthauza kuti dzanja langa lomwe ndi limene likuwadwalitsa. Madzulo ake ndinawapakanso, kungoti ndinachepetsako pang'ono. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Lachiwiri lina cha m'ma teni koloko foni inalira. Anali ahedi a kusukulu kwawo, akuti bambo achita chizungulire akulemba pabolodi ndipo agwa. Ndinawapeza atakhala muofesi, thukuta lili kamukamu, chipewa chili kumutu. Tinapeza galimoto yopita kuchipatala cha mishoni. M'njira bambo anandikoka dzanja n'kunong'ona.

"Za kumutuzi musakanene. Kumene kuja anthu a mpingo ndi ambiri."

Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula mofatsa. Anawayeza, anamvetsera pachifuwa, anadina mwendo ndi chala ndipo panatsala dzenje. Anafunsa za mankhwala onse amene akugwiritsa ntchito. Bambo anatulutsa mapiritsi awo aja, basi. Adokotala anafunsanso ngati pali china chilichonse, chachikuda kapena chogula okha. Bambo anapukusa mutu. Adokotala anayang'ana m'kabuku ka kuchipatala nthawi yaitali, n'kunena kuti sakumvetsa chifukwa chomwe mtima ukuthamangira chonchi pomwe magazi atsika kwambiri.

Kabotolo kanali m'chikwama changa, ndinakatenga pochoka kunyumba osadziwa kuti ndikatani nako. Ndinayang'ana bambo. Munthu amene amavula chipewa ngakhale polowa m'golosale anali atakhala pamaso pa adokotala chili kumutu, akupuma ngati wathamanga. Ndinaganiza kuti tikatuluka muno osanena, ndibwerera nawo kunyumba ndi mtima womwewu, ndipo tsiku lina ahedi adzaimbanso foni ndi uthenga wina. Ndinaimirira n'kuwavula chipewacho. Kabotolo ndinakaika patebulo.

Bambo sanandikalipire. Anangoyang'ana pansi. Bola akanandikalipira.

Adokotala anayang'ana timabala tija, tina touma, tina tatsopano. Sanaseke. Anawerenga kabotolo n'kutifotokozera kuti mankhwala amenewa poyamba anali a kuthamanga kwa magazi, amatakasa mitsempha, ndipo zomeretsa tsitsizi anazitulukira pambuyo pake. Akadonthezedwa pang'ono pakhungu labwinobwino, olowa m'thupi amakhala ochepa. Koma pabala, ochuluka chonchi, ndiponso atafundikiridwa ndi jumbo, amalowa m'magazi. Mtima umathamanga, thupi limasunga madzi, munthu amachita chizungulire, makamaka amene ali kale pa mapiritsi ngati a bambowa.

"Anakutemerani ndani, bambo?"

"Ndinadzitema ndekha," anatero.

"Ayi adokotala, ndine," ndinatero ine. "Pankhongo angadziteme bwanji okha?"

Anawagoneka masiku angapo. Ine ndinkaphika kumalo a odikirira odwala, utsi uli m'maso. Amayi anzanga akafunsa kuti abambo akudwala chiyani, ndinkangoti mtima. Pakamwa paja panali patauma. Bambo ankalandira phala, kuthokoza mwaulemu ngati ndine mlendo, n'kutembenukira kukhoma.

Mankhwala aja tinasiya. Miyendo inaphwa, mtima unabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono, ngakhale mpaka pano amapitabe kukayezetsa. Tiubweya tija tinathothoka tonse. Chimene chinatsala ndi mphini zanga, mizere yakuda pa dazi lowala, yooneka ngakhale uli patali. M'tchalitchi mwamuna savala chipewa, ndiye Lamulungu lililonse amaima kutsogolo kuwerenga zolengeza mutu uli pamtunda. Ndimaona amayi akugwirana zigongono. Ena amati anapita kwa sing'anga kukafuna uhedi. Iwo sanauzepo munthu kuti ndine, ndipo ine ndikafuna kunena amandiletsa. Amati zakwana, tisawonjezere nkhani.

Chichokereni kuchipatala sindinasekeponso mutu wawo. Sikuti ndinalumbira, nthabwalazo sizibweranso basi. Ndimadzuka, kuwaphikira tiyi, kuwerengera mapiritsi awo, kuwayang'ana akakolo ngati atupa. Masiku ena ndimanamizira kukonza kolala kuti ndione ngati cholembera chija chikunjenjemera. Ndatopa, ndipo ndikudziwa kuti nawonso atopa ndi kuyang'aniridwa ngati mwana.

Mwezi wathawu, m'mawa wina, anatulutsa njinga n'kuima pakhomo opanda chipewa. Anaima nthawi yaitali, akukonza belu losawonongeka. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi, lero madalaivala aja muwasiya achite khungu?"

Ankamwetulira, akudikira kuti ndiwabwezere monga kale. Koma maso anga anagwera pa mizere ija, ndipo ndinakumbukira kuti Loweruka lililonse ankakhala phee pampando paja, akupirira ululu, kuti mkazi wawo asiye kuwaseka. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chipewa pa msomali, n'kuwapatsa ndi manja awiri.