Mkazi Mnzanga wa M'foni

Amuna anga amayendetsa lole yonyamula matabwa. Madalaivala anzawo amawatchula kuti a Salowalivesi, chifukwa munthu ameneyu akatenga njira, ngakhale muwagwire mwendo sabwerera. Zaka makumi awiri ndakhala nawo pampando wakutsogolo. Ine ndinabadwira kumapiri komwe amakatenga matabwako, ndiye wowauza njira ndinali ine: apa lowetsani giya yoyamba, pokhota apo imbani hutala.

Kenako mwana wathu woyamba anawagulira foni ya mapu. M'menemo muli mkazi, mawu osalala, chizungu cha m'mphuno. Akati khotani kumanzere, abambo amakhota iye asanamalize n'komwe. Ine ndikanena zomwezo, amvekere, "Taimani kaye mayi, tikumvera kuno." Tikumvera! Anamugulira mpaka kampando kake komata pagalasi, ndipo m'mawa uliwonse amamupukuta ndi mpango. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndinayamba kumutchula mkazi mnzanga.

Tsiku lina dzinja likutha, tikutsika phiri matabwa ali tho, mkazi mnzangayo anatilozera njira yachidule ya kumanja.

"Inu abambo, mlatho wa uko unapita ndi madzi chaka chatha," ndinatero. "Achimwene anandiuza."

"Achimwene anuwo amaonera kumwamba? Uyutu amaona ndi setilaiti."

Abambo anakhotera kumanja. Njira inayamba kuchepa, uku thanthwe, uku phompho, matayala akumbuyo akugumula miyala n'kumaigwetsera kumunsi. Titakhota komaliza, abambo anaponda buleki mpaka ine chipumi gu! pagalasi. Kutsogolo kunangotsala zipilala ziwiri, pansi madzi akuwinduka. Mayi wa m'foni uja, wopanda manyazi, akuti pitirirani kutsogolo.

Potembenukira panalibe. Ndinatsika, ndinavula nsapato, n'kukaima kumbuyo pamene akanandiona pagalasi la m'mbali. Maola atatu, abale anga, ndikuyenda chafutambuyo m'matope, manja m'mwamba, ndikukuwa, "Pang'ono! Imani! Kumanzere!" Tsiku limenelo a Salowalivesi analowa livesi mpaka malaya kumata pamsana. Kawiri konse tayala linasuzumira kuphompho. Mawu anandithera, kukhosi kuuma gwa, koma lole inatuluka, thabwa ngakhale limodzi osagwa.

Titafika pamsewu waukulu ndinakwera n'kukhala pampando wanga, zidendene zikutuluka magazi. Ndinangodikira. Mumtima ndinkati lero lokha anena kuti zikomo mayi, kapena angomuzimitsa mnzangayo n'kundifunsa ine kolowera.

Abambo anapumira m'mwamba. Anaichotsa foni pagalasi, n'kuiyang'ana mwachifundo.

"Komatu si kulakwa kwake," anatero motsitsa mawu. "Palibe amene anamuuza za mlathowo."