Mphuno ya Akulu a Mpingo

Ndisananene kanthu, ndithokoze Mulungu mwini mpweya, amene anatisunga m'masiku a mliri wa korona pamene ife eni ake sitinkadziwa kudzisunga. Ndimthokoza chifukwa cha amayi anga, amene ndikulemba pano ali khale pakhonde, akusankha nyemba ndi kundidzudzula kuti ndikuwononga maso. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Kwathu ku komboni ya Kanyama kunalibe munthu wofa ndi korona. Ndikunena monga mmene tinkanenera. Anthu ankafa, inde, ndipo matenti a maliro ankangosamuka kuchoka pakhomo ili kupita pakhomo ilo osapindidwa n'komwe, koma aliyense ankafa ndi matenda aulemu. Uyu ndi bipi, uyo ndi shuga, winayo anangogwa. Korona inali ya kumayadi, kwa anthu a mipanda yamagetsi amene amakwera ndege. Tinkati ikafika pa madzi athu a Kanyama idzavula nsapato n'kubwerera.

Tsiku lililonse wailesi inkawerenga manambala a odwala, ndipo tsiku lililonse komboni yonse inkasanduka bwalo la milandu. Ena ankati manambalawo awonjezeredwa dala kuti akunja atimvere chisoni. Ena ankati achepetsedwa kuti tisathawe. Bambo wina wogulitsa makala pafupi ndi thebulo langa la tomato ankanena zonse ziwiri, m'mawa china, madzulo china, ndipo nthawi zonse ankalumbira kuti wamva kwa mlamu wake wosesa kuchipatala. Koma ukafunsa kuti mumzere wathu wonsewu ndani anayezetsa, pankangoti zii. Nanga manambalawo ankawerenga yani? Ife ayi.

Zifukwa zosayezetsera tinali nazo zambiri kuposa dzombe la m'Malemba. Ankati kamtengo koyezera kaja amakalowetsa m'mphuno mpaka kakande ubongo. Ankati kamtengo komweko ndiko kali ndi matendawo. Ankati zotsatira zimabwera utachira kale kapena utaikidwa kale. Koma chifukwa chenicheni, chimene tinkanong'onezana, chinali cha maliro. Akakupeza nayo n'kufa, amakukulunga m'pulasitiki, n'kukuika anthu achilendo ovala zoyera ngati akupita kumwezi, popanda kuona nkhope, popanda amayi a chigwirizano kukuimbira. Munthu wa kwathu angalole kufa, koma kuikidwa popanda nyimbo sangalole.

Tsono tinapanga zoyezera zathuzathu. Wina ankagwira mpweya kufikira maso atatuluka, akapanda kukomoka n'kuti ali bwino. Wina ankatafuna tsabola. Mitengo ya bulugamu inasadzuka yonse, chifukwa nyumba iliyonse inali ndi munthu wofunda bulangeti pamphika wa masamba owira, akutuluka thukuta ngati ali m'ng'anjo. Ndipo itamveka mbiri yoti wodwala korona samva fungo, akulu a mpingo a chigawo chathu anaona kuti apeza utumiki watsopano.

Ndisawalakwire. Anali munthu wabwino, dalaivala wopuma ntchito, wosaphonya maliro kapena wodwala, mvula kaya dzuwa. Koma anali mmodzi wa anthu amene akagwira kanthu m'manja amaganiza kuti Mzimu wawadzoza kukhala katswiri wa kanthuko. Anagula kabotolo ka mafuta a bulugamu, ndipo tisanayambe ulendo uliwonse wokazonda odwala, ankatiimika pamzere ngati ana a sukulu, n'kumadutsitsa kabotoloko pansi pa mphuno ya aliyense.

"Mukumva, amayi?"

"Tikumva, batate."

"Pitani, muli bwino."

Kabotolo kamodzi, mphuno zonse. Ndipo ndani akanayankha kuti sindikumva, pamaso pa anzake onse, n'kusanduka wakhate wa chigawo? Tonse tinkamva. Koma panali mphuno imodzi imene sinkayezedwa, chifukwa mwini wake ndiye ankagwira kabotolo.

Amayi anga anali atabwera kuchokera kumudzi, kumbali ya Chipata, mliri usanayambe, kudzalandira mankhwala a shuga. Miyendo inkatupa, ndipo ankagona m'chipinda cham'kati chimene chili ndi kazenera kamodzi. Namwino wa kukiliniki anandikokera pambali n'kundiuza mosapsatira kuti munthu wa msinkhu wawo, wa shuga, matendawa akamugwira sachedwa naye. Mawu amenewo ndinawasunga mumtima. Ndinasiya kulowa kwa iwo ndisanasambe, ndinaletsa alendo. Koma amayi, amene anavala yunifolomu ya chigwirizano ine ndisanabadwe, kuzondedwa ndi mpingo ankakuona ngati korona wa ulemerero wolandirira pansi pano. Tsiku lililonse ankafunsa kuti kodi mpingo wandiiwala?

Mpingo sunawaiwale. Unabwera Lachinayi lina masana, pakati pa dzinja, mvula itagwa masiku otsatizana. Amene amadziwa Kanyama akudziwa zimene madzi amachita kwathu: salowa pansi, amangokwera, ndipo akakwera amatulutsa zonse zimene anthu anabisa. Chimbudzi cha aneba athu chinali chitasefukira kuyambira m'mawa. Fungo lake sindingalilembe m'buku la anthu opemphera. Ngakhale agalu anali atasamuka.

Ndinawaona akubwera, akudumpha pa njerwa zimene tinaika m'madzi, akulu a mpingo patsogolo, amayi a chigwirizano pambuyo. Mayi aliyense anali atakokera nsonga ya chitenje pamphuno, pamwamba pa masiki. Koma akulu a mpingo, masiki ili pachibwano ngati ndevu, anafika mpaka pafupi penipeni ndi chimbudzicho, naima, nakoka mpweya wodzaza chifuwa ngati munthu amene wafika pamwamba pa phiri.

"Apa ndiye pabwino," anatero. "Pali kamphepo. Tiyembekezere apa banzathu bafike."

Kenako anatsokomola, chifuwa chouma, chochokera pansi. Maso anali ofiira, ndipo thukuta linali pamphumi ngakhale kunali mitambo.

Ndinalowa pakhomo chammbuyo, n'kugwira mafelemu a chitseko ndi manja onse awiri.

"Odi kuno!" anatero akulu a mpingo, anzawo onse atafika.

"Ndakuonani, batate. Koma lero mundikhululukire, simulowa."

Panali chete wa mtundu umene umagwa m'tchalitchi mbale ya mgonero ikagwa pansi. Amene anayamba kupeza mawu anali amayi otsogolera chigwirizano, mzimayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anandiphunzitsa katekisimu.

"Imwe, mwati bwanji? Tabwera kuona bamama banu, osati imwe."

"Ndamva, amayi. Koma ndifunseko kaye. Batate, mukumva fungo lanji pano?"

Akulu a mpingo ananunkhiza kumanja, nanunkhiza kumanzere. "Fungo? La mvula chabe."

Ndinaona maso a amayi onse akuyang'anana pamwamba pa zitenje. Wina kumbuyo kuseka kunamupulumuka, nakusandutsa chifuwa msangamsanga, kenako anazindikira kuti chifuwa n'choipa kuposa kuseka, nangoti chete.

"Ehe, tili na ba dokota ku Kanyama!" anatero amayi otsogolera. "Mwasiya liti tomato, ba dokota? Mwaphunzira pa foni?"

Akulu a mpingo anakweza dzanja kuti aweruze mlanduwo mwaukatswiri. Anatulutsa kabotolo kaja m'thumba la jekete, nakatsegula, nakaika pamphuno pawo. Anakhala kaye. Anakakhutchumula, nanunkhizanso. Mayi amene anaima pambali pawo misozi inali ikutuluka ndi ukali wa mafutawo.

"Asukuluka mafuta aya," anatero akulu a mpingo, akutseka kabotolo. "Vinthu va masiku ano vonse ni va feki."

Palibe anawatsutsa. Anthu amene tinkatha kutsutsa wailesi, nduna ndi madokotala a dziko lonse lapansi, tinalephera kuuza bambo mmodzi kuti waima pafupi ndi chimbudzi.

Ndiye akulu a mpingo anandilalikira. Anandikumbutsa kuti Ambuye adzatifunsa tsiku lomaliza ngati tinazonda odwala, ndi kuti mantha sachokera kwa Mulungu. Zonsezo n'zoona, ndipo ndimazikhulupirira kufikira lero. Koma ndinawayankha kuti m'Malemba omwewo wansembe akakayikira nthenda pakhungu la munthu ankamupatula kaye kufikira zitadziwika, ndipo palibe anamutcha wansembeyo wamantha. Ndinawonjeza kuti lamulo lolemekeza amayi anga silinandiuze kuti ndiwalemekeze ndi bokosi.

Cholasa kwambiri chinachokera m'kati. Amayi anga anali atamva zonse.

"Alekeni alowe atumiki a Mulungu!" anakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti akadali nawo. "Mwana iwe, ndinakulera ine kuti uzipirikitsa mpingo pakhomo? Ukufuna ndife ngati nkhuku?"

"Amama, ndikufuna musafe n'komwe."

"Ndiwe Mulungu iwe?"

Manja sindinachotse pa mafelemu. Ndinkapemphera chamumtima kuti Ambuye andilimbitse, chifukwa kukana mkulu wa mpingo n'kovuta, koma kukana mayi wokubala ali pamphasa n'kowawa koposa.

Potsiriza a mpingowo anavomera kupempherera panja, cha kukazenera, ndipo ndinapempha kuti aime patali pang'ono. Anaimba nyimbo imene amayi amaikonda, ndipo ndinawamva akuyankhira m'katimo. Pemphero la akulu a mpingo linali lalitali. Amayi anga anatchulidwamo pang'ono poyamba. Mbali yotsalayo inali ya ine: kuti Mulungu achiritse mitima youma, achotse mzimu wa mantha, akhululukire a chikhulupiriro chochepa. Amayi a chigwirizano ankavomera ameni mofulumira, osati chifukwa cha Mzimu, koma kuti achoke pafungopo.

Akunyamuka ndinawatsatira pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Batate, mukayezetseko."

"Nikayezetse kuti banipatse matenda?" anatero, nadumphira pa njerwa.

Kuchoka kwathu anapita kukazonda nyumba zina, ndipo kumeneko anawalandira mwaulemu, m'zipinda zotseka mazenera. Lamlungu lotsatira akulu a mpingo sanaoneke kutchalitchi. Tinauzidwa kuti ndi malungo. Anagona nthawi yaitali, nadzuka ataonda, nachitira umboni pamaso pa mpingo kuti Mulungu wawalanditsa ku malungo aakulu, ndipo tinaomba m'manja. M'masabata omwewo amayi angapo a chigwirizano anadwala chimfine champhamvu. Amayi otsogolera aja sanadzuke. Anati ndi bipi. Tinawaika ndi nyimbo zonse, titapanikizana m'tenti, aliyense akuwerama kuona nkhope. Ndinawalira kwambiri, pakuti ndi iwo anandiphunzitsa kupemphera.

Kodi inali korona? Sindikudziwa, ndipo sindidzanamizira kudziwa. Palibe anayezetsa. Wailesi inapitiriza kuwerenga manambala ake, ife tikupitiriza kukangana ngati ndi ochuluka kapena ochepa, ngati anthu otsutsana za kulemera kwa mbuzi imene akana kuikweza pasikelo.

Chimene ndikudziwa ndi ichi: amayi anga sanatsokomole. Anakhala masiku ambiri osandilankhula, akulandira chakudya atatembenukira kukhoma, ndipo ankanditcha woyang'anira ndende. Kufikira lero mlendo aliyense wochokera kumudzi amamufotokozera za mwana wawo wopanda mwambo amene anapirikitsa mpingo. Ine ndimangokhala pambali n'kumamvetsera, pakuti nkhaniyo akuifotokoza okha, ndi pakamwa pawo.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi okalamba a m'nyumba zanu. Akupatseni mtima wofewa wokonda abale, ndi msana wolimba pa tsiku limene chikondi chidzafune kuti mukane. Mtendere wake ukhale pa makomo anu. Ameni.