Anandifunsa Dzina la Chilombo

Anabwera Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni, ndikukhoma chikopa chatsopano pang'oma. Anali apolisi awiri, wina wa yunifolomu, wina wa jekete lakuda. Wajeketeyo anandilozetsa foni kumaso, ikuonetsa vidiyo.

"Ndimi here, mudhara?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti kodi ndinu, madala?

Ndinali ine ndithu m'vidiyomo, mano otsalawa onse pamtunda.

Ndinabadwira pakomboni ina kufupi ndi Connemara, kudziko la Ashona, komwe bambo anga anadzakumba golide kuchokera ku Dedza, ndipo ndine woimba ng'oma za gule wamkulu. Sabata yam'mbuyo mwake tinaika m'manda mkulu wina amene anafa ndi m'mimba. Anthu ankaloza chala mtsinje umene kampani ina yatsopano imatayiramo mankhwala otsukira golide. Pamaliropo panatuluka chilombo cha chimimba, chovala chisoti cha mumgodi. Chinkakakamiza anthu kumwa madzi obiriwira, icho chikudzimwera a m'botolo la m'sitolo. Tinaseka mpaka misozi, poti aliyense anadziwa kuti chikunena mwini kampaniyo.

Wina anajambula. Mwambo wathu umaletsa, koma masiku ano foni ili m'dzanja la aliyense. Chimene chimandidya n'chakuti wojambulayo anaima pafupi ndi ng'oma, pomwe pamaima eni gule okhaokha.

Kupolisi anati mlandu ndi woutsa chipolowe, ndipo funso linali limodzi.

"Ndiani ari mukati?" Muli ndani m'katimo?

Ndinayankha monga anandiphunzitsira akuluakulu, kuti chilombo chimachokera kumanda, mulibe munthu. Wolowa gule satchula dzina lotero, ngakhale kwa mkazi wake. Wajekete uja anaseka, nauza mnzake kuti andivule nsapato. Zimene zinachitikira mapazi anga sindilemba. Kuchimbudzi ndinkapita chokwawa.

Lachitatu anandiponyera munthu wina m'selo. Anati amugwira ndi mawaya akuba, koma manja ake anali osalala ngati a kalaliki. Chichewa chake chinali chokoma kuposa cha ana anga, amene amachisakaniza ndi Chishona. Anandinyemera buledi.

"Achimwene, inetu gule ndinalowa kalekale ku Mchinji," anatero chapansipansi. "Tangondinong'onezani, anavina bwino chonchija ndani?"

Wolowadi gule safunsa choncho. Buledi ndinadya, pakamwa ndinatseka. M'mawa mwake anamutulutsa, ndipo sindinamuonenso.

Sabata yotsatira wajekete anandiitanitsa, nkhope ili ngwee. Anaimitsa vidiyo ija pamene chilombo chinalumpha, nakulitsa chithunzi ndi zala zake mpaka phazi linadzaza foni yonse. Phazilo linalibe zala ziwiri. Pakomboni pathu pali bambo mmodzi yekha amene ngolo ya mumgodi inamudula zala zakuphazi. Ndinayang'ana khoma.

"Hatichakudai, mudhara," anatero. Sitikukufunaninso.

Ndinkayesa kuti andisiya pageti ndidziyendere, koma anandikweza galimoto yawo, mpando wakutsogolo. Ndinayamba kuopa pomwepo, chifukwa ulemu wa anthu amenewa sukhala waulere. Ananditsitsa pamjigo masanasana, amayi ali pamzere ndi zidebe. Wajekete anatsika, nandigwira chanza ndi manja awiri.

"Maita basa, sekuru!" anandithokoza mokweza ngati ndawagwirira ntchito, kuti aliyense amve.

Galimotoyo sinabwerere kumsewu. Inakaima pakhomo pa bambo wa phazi lija, ndipo anamutulutsa atamumanga.

Mkazi wake anandipeza ndikadali pamjigopo, poti kuyenda kunkandivuta. Ndi mayi amene ankatumiza ana ake kudzatunga madzi a mkazi wanga akadwala.

"Alamu, tandiuzani pamaso pa anthuwa," anatero. "Mwawatchula ndinu?"

Mawu amodzi akanandiyeretsa. Koma kunena kuti sindinawatchule kukanakhala kuvomera, pamaso pa amayi ndi ana, kuti panali wina woti n'kutchulidwa. Chimene apolisi analephera kunditulutsa m'kamwa ndikanachitaya ndekha pamjigo.

"Mayi, ine ndimangoimba ng'oma," ndinatero. "Zilombo sindizidziwa."

Analavula pansi, natembenuka.

Kwa anzanga a gule ndinafotokoza zonse. Anagwedeza mitu, ena n'kunena kuti pepani. Komabe maliro otsatira ng'oma anaimba wina, ndipo ndikafika pomwe akucheza, nkhani imasanduka ya mvula. Sindiwaimba mlandu kwenikweni. Nanenso ndimayang'ana dzanja lililonse logwira foni, n'kumadzifunsa ngati ndi lomwe linajambula lija. Madzi a mumtsinje akadali obiriwira, ndipo palibe amene akuwatchulanso.

Papepala ndine mfulu, mlandu anauthetsa. Mapazi anapola, kungotsala kutsimphina kukazizira. Kale ndinkaganiza kuti ufulu ndi kutuluka pageti la polisi. Tsopano ndikuona kuti ufulu wanga unali woti anthu akwathu ankandikhulupirira, ndipo umenewo anandilanda ndi chanza chimodzi, tsiku lomwe ananditulutsa.