Kapu ya Mkaka Imene Ndinkaiopa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, ndipo chinthu chimene ndinkachiopa kwambiri chinali kapu ya mkaka. Kwathu ku Tsangano ababa anali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi, ndipo ankazinyadira kuposa munda wa mbatatesi umene unkatidyetsa. M'mawa uliwonse, chisanu chikuluma zala, ankakama n'kutigawira ana tonse mkaka ukadali wofunda. Achimwene anga ankagugudiza n'kunyambita milomo. Ine ndikamwa, ndisanafike n'kusukulu komwe, m'mimba munkayamba kulira ngati achule a kudambo, ndipo tsiku lonse ndinkangopempha kutuluka m'kalasi, anzanga akundiseka.

Ndinayamba kukana. Ababa ankati ndi mwano, moti kawiri konse anandithyolera kanthambi ka pichesi. Koma chimene chinandipweteka si mkwapulo ayi. Tsiku lina azakhali anga, mlongo wawo wa ababa, anati mwana wa Mngoni sakana mkaka, ndiye anafunsa amayi ngati sanandisinthanitse ndi mwana wa eni kuchipatala. Onse anaseka, koma ababa sanaseke. Mawuwo anandikhala pamtima. Ndinkalira ndekha kuseri kwa nkhokwe poganiza kuti mwina sindine mwana wawo, ndipo kuti iwonso ayamba kuganiza chimodzimodzi.

M'nyengo yokumba mbatatesi, m'mudzi mwathu munabwera ophunzira a kuyunivesite amene ankaphunzitsidwa kufufuza za zakudya ndi thanzi la anthu. Pakhomo pathu panafika awiri: mtsikana wamanyazi dzina lake Tamanda, atanyamula kasikelo ndi mulu wa mapepala, ndi mphunzitsi wake, mayi wamtali wa imvi zapatalipatali, amene anangokhala pamphasa n'kumamvetsera. Tamanda anafunsa ababa ngati amamwa mkaka. Ababa anadziguguda pachifuwa, amvekere funso lotere safunsa Mngoni woweta ng'ombe. Tamanda anachonga msangamsanga pa pepala lake n'kuyamba kuwerenga funso lina.

Mphunzitsi uja anamugwira dzanja mofatsa.

"Mwana wanga, walemba zimene bambowa amanyadira, osati zimene amamwa. Tafunsa amene amatsuka makapu."

Tamanda anatembenukira kwa amayi n'kuwafunsa. Amayi anayamba ayang'ana pansi, kenako anaulula kuti chikwatirane sanawaonepo ababa akumwa mkaka wongokama kumene. Mkaka wawo ababa ankausunga m'chipanda masiku awiri kapena atatu mpaka usanduke chambiko, ati ndiye kamwedwe ka amuna. Atatero analoza ine n'kufotokoza za vuto langa lonse, la kusukulu lomwe. Ndinalakalaka pansi patang'ambika kuti ndilowe.

Mphunzitsi uja sanaseke. Anayamba kumuphunzitsa Tamanda pomwepo, koma mokweza mawu pang'ono kuti aliyense amve. Anati anthu ambiri akasiya kuyamwa, matupi awo amasiya pang'onopang'ono kugaya bwino mkaka wosasasa, pamene ena amaugayabe mpaka kukalamba, ndipo zimenezi munthu amatengera kwa makolo ake monga amatengera khungu. Anati mkaka ukasasa, chimene chimavuta m'mimba chija chimachepa. N'chifukwa chake wofufuza safunsa chakudya chokha, amafunsanso za thupi limene likudyalo ndi kumene linachokera.

Ababa anadzuka n'kupita kukhola, ngakhale kuti ng'ombe zinali kubusa.

M'mawa mwake anandiitana ndekha. Ndinapita mwendo uli kumbuyo, ndikudziwa kuti kapu ija ikundidikira. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, chipanda chawo chili pamiyendo, chimene mwana aliyense ankaletsedwa kuchigwira. Anathira chambiko m'kapu yawoyawo n'kundipatsa.

"Talawa uwu, mayi. Agogo ako ankandikwapula ngati mmene ndakhala ndikukukwapulira iwe. Ndinkakhuthula mkaka wanga kuseri kwa khola, galu n'kumanenepa."

Anaseka pang'ono, kenako anandiika dzanja pamutu, dzanja lokhakhala lonunkha ng'ombe.

"Mimba imeneyi ndinakupatsa ndine. Undikhululukire."

Ndinamwa chambikocho misozi ikugwera m'kapu. Chinali chowawasa, sindinachikonde n'komwe, koma ndinachimaliza chonse, ndipo tsiku limenelo ndinakhala m'kalasi mpaka belu lowerukira.

Ababa anatisiya zaka zapitazo. Pano ndimamvetsa kuti sankandida. Anali atabisa manyazi awo nthawi yaitali, mpaka anaiwala kuti nawonso anakhalapo mwana wogwira pamimba. Lero ine ndi amene ndimakhala pamphasa m'midzi, kumvetsera ophunzira anga akufunsa anthu zimene amadya, ndipo ndimawauza kuti asamathamangire kuchonga. Amaganiza kuti ndimangoteteza kafukufuku kuti asalakwike. Sindinawauzepo kuti funso limodzi lofunsidwa bwino linandibwezera bambo anga.