Umboni umene sindinapereke

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inadzazanso itaphwa, madzi anafafaniza malire a minda yathu ya mpunga kwa Mwambo. Zikhomo zimene mayi anga anakhoma asanamwalire zinapita ndi matope. Madzi atachepa, ndinapeza kuti oyandikana nawo munda, bambo wachikulire wachisilamu amene ankagulitsa matemba ouma, alowa m'munda mwanga chigawo chachikulu ndithu, ndipo awokeramo kale mpunga.

Nthawi imeneyo ndinali ndi ana atatu. Amuna anga ankakhalitsa ku chilumba cha Chisi kopha nsomba, moti za kumunda zonse zinali pamutu panga. Ndinapita kwa bambo aja mwaulemu.

"Bambo, kodi malire aja simunawaone bwino?"

"Mwananga, malire athu ndi chulu chija. Amayi ako ankadziwa."

"Chulu chimene mukunenacho chinali uko, chinagumuka ndi madzi."

Iwo anakanitsitsa. Akuluakulu a mabanja onse awiri anakhalapo pa nkhaniyo, koma popeza mboni panalibe, anangoti wodzala ndiye akolole. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa ngati ndameza khala la moto.

Achimwene anga, amene analinso mwinimbumba wathu, anali m'gulu la achinyamata a chipani, aja ankaima pakhomo la msika kufunsa anthu makadi a umembala wa chipani. Tsiku lina masana anandipeza ndikupeta, nakhala pa mtondo.

"Iwe, nkhaniyi ndi yaifupi," anatero motsitsa mawu. "Mkulu ameneyu amayendayenda ndi nsomba zake. Ungokanena kwa atcheyamani a chipani kuti unamumva akunyoza kadi, akuti ndi kuba. Basi. Munda wabwerera."

"Koma achimwene, ine sindinawamve."

"Adzakufunsa zimenezo ndani?"

Ndinkadziwa bwino zimene zinkatsatira mawu otere. Kunkabwera galimoto, munthu n'kukwezedwa, ndipo ena ankabwerako patapita zaka atatheratu, ena osabwerako. Ndinawakanira achimwene tsiku limenelo, koma mawu awo sanachoke. Ndikapita kumunda n'kuona mpunga wa bambo aja ukubiriwira pa nthaka ya mayi anga, mawuwo ankadzuka. Ngakhale pemphero langa linapindika. Ndinasiya kupempha kuti Mulungu anditsogolere, ndinkangomufotokozera mmene andilakwirira, ngati ndikumukonzekeretsa kuti asadzadabwe. Lachinayi lililonse ndinkavala bulauzi yanga yoyera kupita ku mapemphero a amayi, ndipo ndine ndinkayambitsa nyimbo, koma palibe amene ndinamuuza zimene ndinanyamula mumtima.

Patatha masabata atatu ndinauza achimwene kuti ndavomera.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Njira inkadutsa pamene bambo aja ankayanika matemba. Iwo kunalibe, koma akazi awo anali pomwepo akutembenuza nsomba pa mphasa. Anandipatsa moni, nafunsa ngati chifuwa cha mwana wanga wamng'ono chinaleka. Ndinayankha maso ali kumbali.

Atcheyamani a nthambi yathu anali telala, ankasokera pakhonde la nyumba yawo. Atamva kwa achimwene kuti tabwera ndi nkhani, anaimitsa makina, analowa m'nyumba, nabwera ndi kope ndi bolopeni. Ine ndinakhala pansi. Analemba dzina la bambo aja pamwamba pa tsamba, kenaka anandiyang'ana.

"Tiyeni, amayi. Ndikufuna mawu awo enieni. Anati chiyani, tsiku lanji, pamalo pati?"

Njira yonse ndinali nditawakonza mawuwo, koma bolopeni ija itaima pa pepala kudikira, ndinazindikira chinthu chimene ndinkachizemba. Mawu amenewo sanali kulikonse padziko lapansi. Akanabadwira mkamwa mwanga, ine ndekha mayi wake. Ndipo Lamulungu la mkuja linali la Mgonero. Pakamwa pomwepo ndipo ndikanalandirira mkate. Mumtima ndinangoti, Ambuye, ndigwireni lilime. Pemphero lonse linali lomwelo.

"Amayi, ndikudikira."

"Sananene chilichonse," ndinatero.

Achimwene anandigunda ndi phazi. Atcheyamani anaika bolopeni pansi.

"Nanga mwadzatani kuno?"

"Ndinabwera kudzanama, bambo. Tikulimbirana munda. Koma ndalephera, ndikuopa Mulungu."

Ndinadziwa kuti tsopano dzina lolembedwa likhoza kukhala langa. Atcheyamani anang'amba tsamba lija, nalipinda kangapo, naliika m'thumba la malaya. Anandikalipira mokweza kuti chipani si choseweretsa, nandilamula kuti ndikasese bwalo la misonkhano sabata yathunthu. Koma achimwene atatsogola mokwiya, atcheyamaniwo ananena chapansipansi, maso ali pa nsalu imene ankasoka, "Mwandipeputsira katundu, amayi. Pitani."

Ndinasesa bwalo lija masiku onse asanu ndi awiri, anthu akudutsa n'kumanong'onezana. Mgonero wa Lamulungu limenelo sindinadye. Ndinakayamba ndaulula kwa mayi wina wamkulu wa mumpingo, amene anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Kwa Mulungu wabwerera," anatero. "Koma kwatsala khomo limodzi."

Khomo limenelo ndilo linandilemera kuposa la atcheyamani. Ndinawapeza bambo a matemba aja akusoka thumba la nsomba pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada chapatali n'kuwauza zonse, osabisa kanthu. Anasiya kusoka.

"Ndi msinkhu wangawu, ndikanafera komweko," anatero.

"Ndikudziwa, bambo. Ndikhululukireni."

"Amene anakutseka pakamwa ndi wamkulu. Dzuka, mwananga."

Munda sanabweze. Mpaka imfa yawo ankakhulupirira kuti malire anali pamene iwo ankanena, ndipo ine mpaka lero ndimati analakwitsa. Chaka chimenecho mpunga wanga unachepa, tinadalira nsomba za amuna anga ndi chinangwa. Sindinganame kuti mtima unayera tsiku limodzi. Nthawi zina ndikaona mitolo yawo ikutuluka m'chigawo chija, mkwiyo unkabwera, ndipo ndinkayenera kugwadanso. Koma unkabwera wofooka chaka ndi chaka.

Nyengo ya mbalame itafika, akazi a bambo aja anandiitana kuti timange nsanja imodzi pakati pa minda yathu, tizisinthana kuingitsa mpheta. Tinachita zimenezo zaka zambiri. Iwo akapita kokaswali kumzikiti ndinkayang'anira minda yonse iwiri, ine ndikapita ku mapemphero a Lachinayi ankatero iwo. Mwana wanga wachinayi anabadwira m'manja mwawo, tsiku limene mvula inadula njira ya kuchipatala.

Achimwene anakhala zokolola ziwiri osaponda pakhomo panga. Anadzayamba kubwera pang'onopang'ono, koma nkhani ija sitinkaitchula. Patapita zaka zambiri, zinthu zitayamba kusintha m'dziko, anthu anayamba kulozana zala poyera kuti uyu ndiye anamangitsa bambo anga, uyu ndiye anamangitsa mwana wanga. Anzawo ena a achimwene anasamuka m'mudzi ndi manyazi. Achimwenewo anabwera kwathu Loweruka lina, imvi zili mbuu, nakhala pakhonde.

"Chemwali, ukanandimvera tsiku lija, bwenzi lero ndikuthawa nawo."

"Si nzeru zanga, achimwene. Inenso ndinafika mpaka pakhonde paja."

Anagwedeza mutu. Kenaka anafunsa kuti mapemphero a mawa ayamba nthawi yanji, ndipo ngati angalowe m'tchalitchi ndi malaya omwe anavalawo, popeza ena abwino analibe. Ndinawauza kuti abwere nawo madzulo ndiwachapire.